Mutu 8: Thobwa la kwa Nazombe ndi Chakumwa cha Mkaka cha ku New York

Pamsika wa Chiringa, m'dera la mfumu yaikulu Nazombe m'boma la Phalombe, chakumwa chimene chimayenda malonda dzuwa likafika paliwombo ndi thobwa. Amayi amabwera nalo m'ndowa ndi m'zigubu, ena atalithira kale m'mabotolo apulasitiki amene adagwirapo kale ntchito ina. Wakabaza amene wapalasa kuchokera cha kumalire a Mozambique ndi thumba la nandolo amaima, n'kukhutchumula botolo kuti misere yomwe yakhala pansi ikwere, kenaka n'kugugudiza. Pathobwa munthu amamwa ndi kutafuna pomwe, ndipo ludzu ndi njala zimathera limodzi.

Kutali uko, m'malo odyera a ku New York, London ndi Johannesburg, kudabuka chakumwa china chimene achinyamata a ndalama zawo amaitanitsa akatha kudya. Amatenga chakudya cham'mawa cha m'mapaketi, cha mtundu wa cornflakes koma chokutidwa ndi shuga, n'kuchiviika mumkaka wozizira. Mkakawo amaupukusa m'makina pamodzi ndi ayisikilimu, n'kuthiramo matoti a mowa waukali monga vodka, ramu kapena wisiki. Chimene chimatuluka ndi chakumwa cholimba, chozizira ndi chotsekemera zedi, milkshake wa mowa. Pamwamba amawazapo timibulu tofiira, tobiriwira ndi tachikasu ta chakudya chomwecho kuti chithunzi chikakongole pa Instagram.

Wa kwa Nazombe atamva zimenezi atha kuyesa kuti ndi zachilendo zokhazokha. Koma chakumwacho mukachiphwasula mupezamo chimanga, kutsekemera, kulimba ndi mowa, ndipo zonsezi mbiya za kuseri kwa phiri la Michesi zidazidziwa kalekale. Pamene pagona kusiyana ndi pa njira imene kutsekemerako kumadzera, komanso pa malire amene anthu amaika pakati pa chakumwa cha aliyense ndi chakumwa cha akuluakulu okha.

Nkhani yonse imayambira pachimera. Mayi amatenga mawere kapena mapira, ena chimanga, n'kuviika m'madzi tsiku limodzi kapena awiri. Akavuula amaika m'thumba kapena m'dengu, n'kufunditsa masamba a nthochi pamalo a mthunzi, ndipo amawazako madzi kuti mbewu zisaume. Pakapita masiku atatu kapena anayi, mbewu iliyonse imakhala itatulutsa kamuzu koyera, timizu tonse titalukanalukana moti potola umanyamula chibuma. Fungo lake ndi lachinyontho, lotsekemera chapatali. Apa mayi sachedwa: amamwaza chimeracho pamphasa kuti dzuwa lichiumitse mbeewe, kenaka amapera pamphero, kusinja mumtondo kapena kupita nacho kuchigayo.

Chimene chachitika m'kati mwa mbewuyo ndi ichi. Mbewu ya mawere imasunga chakudya cha mmera wake monga sitalichi, yemwe satsekemera. Ikamva chinyontho imayesa kuti dzinja lafika, ndiye imapanga timichere totchedwa amylase, tomwe ntchito yake ndi kuduladula sitalichi kuti asanduke shuga woti kammera kayamwe. Mayi akaumitsa mbewuyo padzuwa, mmera umafa koma timichere tija timangogona, kudikira madzi.

Tsiku lophika, phala la mgaiwa limawira mumphika waukulu mpaka kupsa, misere ili momwemo. Akaliphula sathiramo chimera nthawi yomweyo. Amadikira kuti lipoleko, pakuti phala lowira limapha mphamvu ya chimera, ndipo lozizirirathu silichidzutsa. Akatswiri a sayansi ya zakudya amati timichere timeneti timagwira bwino ntchito pa madigiri a pakati pa 60 ndi 70, ndipo kutentha kukapitirira 80 timafa. Mayi wa kwa Nazombe alibe choyezera, amayang'ana nthunzi ndi kukhudza mphika. Chimera chikalowa, chodabwitsa chimaoneka ndi maso: phala lomwe mthiko umavutika kuyendamo limayamba kusungunuka, ndipo pakangopita kanthawi limakhala lamadzimadzi, mtundu wake utasanduka wofiirira. Mukalawa, latsekemera, koma palibe amene wathiramo shuga ngakhale supuni imodzi.

Likagona usiku umodzi, tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso timalipatsa kakuwawasa kaja kamene kamathetsa ludzu. Ambiri m'mawa mwake amaliwiritsanso kuti lisafulumire kusasa. Limenelo ndiye thobwa, lomwera ana, amayi oyamwitsa, abusa ndi alendo. Likasiyidwa masiku angapo, n'kumawonjezeramo chimera ndi phala lina monga amachitira ofulula, yisiti wachilengedwe amadya shuga uja n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Mbiya imayamba kutokota yokha popanda moto, thovu lili pamwamba, ndipo odziwa amati mowa wapsa. Amenewo ndi masese.

Anthu ambiri a kwa Nazombe ndi Alhomwe. Makolo awo adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, ambiri a iwo kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka za m'ma 1930, pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Adabwera ndi nandolo, kalongonda, chinangwa, ndi luso lofulula mowa umene m'chilankhulo chawo amati otheka. Mpaka lero gulu la Mulhako wa Alhomwe likasonkhana kwa Chonde m'boma la Mulanje mwezi wa Okutobala, zakumwa zamakolo zimakhala pakati pa zinthu zoonetsa alendo. M'midzi, thobwa ndi mowa ndizo zimayendetsa chinkhoswe, chinamwali, sadaka ndi dima. Wofuna kuti anzake amuthandize kulima kapena kufolera nyumba sayamba ndi ndalama, amayamba ndi kuviika mawere.

Chofunika kuchiona pamisonkhano yotereyi ndi dongosolo la mbiya. Ya thobwa imakhala poyera, pomwe ana angafike ndi makapu awo. Ya mowa imakhala pena, pamene pakhala madoda ndi amayi achikulire, ndipo pamakhala munthu woitunga. Mwana akazembera kumeneko, wamkulu aliyense, ngakhale si kholo lake, amam'bweza. Lilime nalonso limathandiza kusunga malirewo, chifukwa masese amawawasa ndi kuwawa, mwana akalawa amachita tsinya. Mipingo imene idaletsa mowa, monga CCAP ndi Seventh-day Adventist, idasiya thobwa lili pamalo pake, ndipo ndilo limamwedwa pamaukwati a akhristu ake.

Mpingo wa Seventh-day Adventist womwewo, umene udakhazikitsa mishoni ya Malamulo ku Thyolo mu 1902, uli pachiyambi penipeni pa nkhani ya cornflakes. Dokotala John Harvey Kellogg adali wa mpingowu ndipo ankayang'anira chipatala cha Battle Creek m'chigawo cha Michigan ku America. Ankadana ndi mowa, fodya, nyama ndi zotsekemera, ndipo ankafuna chakudya chopepuka cha odwala ake. Cha m'ma 1894, iye ndi mng'ono wake Will Keith Kellogg adapeza njira yophwatalalitsa tirigu wophika kuti akhale timapepala touma, ndipo pambuyo pake adachita chimodzimodzi ndi chimanga. Will adaona malonda. Adathiramo shuga, zomwe mkulu wake sadagwirizane nazo, ndipo mu 1906 adatsegula kampani yakeyake. Abale awiriwa adakokerana kukhoti zaka zambiri polimbirana dzina la Kellogg.

Mukawerenga papaketi ya cornflakes m'sitolo za ku Limbe kapena ku Blantyre, pamndandanda wa zosakaniza mupezapo chimanga, shuga, mchere ndi malt. Malt ameneyu ndi chimera cha barele. Kakomedwe kamene azungu amakasaka m'mbale yawo yam'mawa ndi ka chimanga chokumana ndi chimera, komwe ka m'chipanda cha thobwa.

Zitatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makampani adayamba kupikisana pa shuga pofuna kukopa ana. Frosted Flakes idatuluka mu 1952, Froot Loops mu 1963, Cinnamon Toast Crunch mu 1984. Mwa zina zotere, gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi shuga, ndipo zilipo zimene shuga wake adapitirira theka. Ana a ku America adakula akudziwa kuti chokoma kwambiri m'mbale ndi mkaka wotsalira pansi, umene watsuka shuga yense.

Milkshake nayenso ali ndi mbiri imene ambiri saidziwa. Dzinali litayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1885, linkanena chakumwa cha akuluakulu cha mazira ndi wisiki. Mowawo udachokamo pang'onopang'ono, ndipo m'malo mwake mudalowa ufa wa mkaka wosakaniza ndi chimera umene abale awiri, James ndi William Horlick, ankapanga ku Racine m'chigawo cha Wisconsin. Ndi Horlicks yemwe uja ena amamwa pogona. Mu 1922, Ivar Coulson, wogwira ntchito m'sitolo ya Walgreens ku Chicago, adathira ayisikilimu m'chakumwa cha chimeracho, ndipo chaka chomwecho Stephen Poplawski adapanga makina opukusira zakumwa. Kuyambira pamenepo milkshake adasanduka chakumwa cha ana ndi achinyamata. Obwezeramo mowa lerowa akubwerera kumene zidayambira, kungoti tsopano chakumwacho chavala nkhope ya chakudya cha ana.

Amene adatchukitsa mkaka woviikamo cornflakes ndi mayi wina wophika makeke, Christina Tosi, yemwe adatsegula Momofuku Milk Bar ku New York mu 2008. Njira yake ndi yapafupi. Amakazinga cornflakes mu uvuni kwa mphindi 15 kuti fungo lituluke, amaziviika mumkaka wozizira kwa mphindi 20, amasefa uku akufinya ndi chipande, n'kuthiramo shuga wofiira ndi kamchere pang'ono. Mkaka umenewu adaupangira ayisikilimu amene anthu ankaima pamzere kuti agule. A m'mabala adatengera nzeruyo n'kuwonjezamo botolo.

Kuno kumwera kwa Africa zoterezi zidafika kale mwa njira yakeyake. Malo odyera a ku South Africa amagulitsa Dom Pedro, ayisikilimu wopukusa ndi wisiki kapena mowa wina wotsekemera, ndipo Amalawi ambiri amene amaperekera zakudya m'malesitilanti a ku Cape Town ndi Johannesburg amadziwa kum'panga. Kawirikawiri amathiramo Amarula, mowa wa kirimu umene udayamba kugulitsidwa mu 1989, wa mphamvu ya 17 peresenti, wochokera ku chipatso cha mtengo wa mfula. Makampani adalowereranso mbiya yakumudzi. Chibuku, chimene Max Heinrich adayamba kufulula ku Zambia m'zaka za m'ma 1950, ndi masese a m'paketi, ndipo a m'katoni aja amapitirira kuwira akali momwemo, mphamvu yake n'kumakwera tsiku ndi tsiku mpaka cha pa 4 peresenti. Kutsidya kwa malire, kampani ya Cervejas de Moçambique idatulutsa Impala mu 2011, mowa wa m'botolo wofululidwa ndi chinangwa. Maheu a m'mabotolo amene adzaza m'maokala, ena a fungo la nthochi ena la sitiroberi, ndi msuweni wa thobwa amene wathiridwa mkaka ndi shuga.

Tsono vuto la milkshake wa mowa lili pa masamu amene lilime silingathe kuwerenga. Matoti awiri a vodka, mamililita 50 pa mphamvu ya 40 peresenti, ali ndi mamililita 20 a mowa weniweni. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti lili ndi 16.5. Ndiye kuti tambula imodzi yokoma ngati chakudya cha mwana yaposa botolo lathunthu, koma kuzizira, mafuta a mkaka ndi shuga zabisa ukali wonse. Womwa sachita tsinya, ndiye samva chenjezo. Mafutawo amachedwetsanso mowa kulowa m'magazi, moti munthu amaitanitsa yachiwiri akudziyesa wabwinobwino, n'kudzazindikira poimirira.

Shuga nayenso ndi wochuluka. Mu 2015 bungwe la World Health Organization lidalangiza kuti shuga wowonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya patsiku, amene kwa wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, kapena timasupuni 12. Tambula yaikulu ya ayisikilimu, chakudya chokutidwa ndi shuga ndi mowa wa kirimu itha kumaliza mlingo wonsewo payokha. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi salinso a m'tauni mokha, ndipo kuchipatala cha Holy Family ku Phalombe kapena kuchipatala cha boma munthu wa kwa Nazombe amafika atayenda mtunda.

Amalawi adaona kale zimene zimachitika mowa waukali ukakhala wotsekemera, wotchipa ndi wobisika. Masacheti a fungo la zipatso adafika mpaka m'matumba a ana asukulu, boma lisadawaletse mu 2015. Ndondomeko ya dziko yokhudza mowa idakhazikitsidwa mu 2017, ndipo lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Mu 2024 anthu angapo adamwalira mu Blantyre atamwa mowa wosadziwika kapangidwe kake umene anthu adaupatsa dzina loti Ambuye N'tengeni. Phunziro lake likukhudza nkhani yathu mwachindunji: mowa umene mphamvu yake sidziwika, kaya ndi kachasu wotchezera kuseri kwa nyumba kaya wa m'chigubu chopanda dzina, usathiridwe m'chakumwa chotsekemera. Mutu wa kachasu ukabisala mumkaka, palibe amene angadziwe kuti wamwa wochuluka bwanji.

Izi sizikutanthauza kuti chakumwa chozizira cha mkaka ndi mbewu n'choipa. Ndi chokoma, ndipo wa kwa Nazombe ali ndi poyambira pabwino kuposa wa ku New York, chifukwa safunika paketi yodula yochokera kunja. Pomwe magetsi afika ndipo filiji ilipo, monga m'magolosale a pa Chiringa, zimatheka motere. Mutenge thobwa latsiku lomwelo, lisadayambe kusasa, pakuti lowawasa limadula mkaka n'kuusandutsa zibuma. Mulisefe ngati simufuna misere. Makapu awiri a thobwa lozizira musakanize ndi kapu imodzi ya mkaka wowiritsa n'kuzizira, kapena wa ufa wosungunula bwino. Muphwanyiremo nthochi imodzi yakupsa kwambiri, makamaka imene yagona m'firiza, chifukwa ndiyo imalowa m'malo mwa ayisikilimu, ndi supuni ya chiponde. Ngati palibe makina, muthire zonse m'botolo la kukamwa kwakukulu, mutseke, mukhutchumule mpaka thovu. Pamwamba muwazepo mtedza wokazinga wosinja kapena mbuliwuli zophwanya. Musadathire shuga, yambani mwalawa. Ngati chimera chidali chabwino, sipafunikanso wina.

Chimenecho ndi cha banja lonse. Wamkulu wofuna kuti chikhale ndi kaukali athire m'tambula yakeyake toti imodzi yoyeza ya mowa wa m'botolo lolembedwa mphamvu yake, osati mumphika wa onse. Amarula amagwirizana ndi thobwa la mawere, koma sayanjana ndi malambe kapena mandimu, zomwe zimadula kirimu wake. Tambula imeneyo isasiyidwe patebulo pamene pali ana, chifukwa m'maso mwa mwana ilibe kusiyana ndi yake. Mayi woyembekezera, woyendetsa njinga yamoto ndi amene akumwa mankhwala akhale pa ya banja ija.

Pali zinthu zimene thobwa liyenera kukonza kwawo. Chimera chimamera m'chinyontho ndi m'kutentha, momwenso nkhungu imakonda. Mu 2011 Limbikani Matumba ndi anzake adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa mapira, chimera ndi mowa wa masese wa m'chigawo chakumwera, ndipo adapeza poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin, wochuluka kwambiri m'chimera kuposa m'mapira osamera. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi, amapinimbiritsa ana, ndipo kuwiritsa sikumuthetsa. Chizolowezi chosankha chimanga chabwino kuti chikhale cha nsima n'kusiya chofumbwa ndi chowola kuti chikhale cha mowa ndi choopsa. Mbewu ya chimera izikhala yosankhidwa bwino, madzi oviikira azisinthidwa, ndipo chimera chimene chachita mawanga obiriwira kapena akuda chitayidwe, osapatsa ngakhale nkhuku zoikira mazira. Kuyanika kuzichitikira pathandala kapena pamphasa, osati padothi.

Chinanso ndi mbewu yeniyeniyo. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, madzi ndi miyala yochokera m'mapiri zidakokolola minda ndi nyumba m'madera ambiri a Phalombe, ndipo chaka chotsatira ng'amba idapsereza chimanga m'chigawo chakumwera. Mapira ndi mawere zimapirira dzuwa kuposa chimanga, ndipo mawere amakhala zaka m'nkhokwe osafumbwa msanga. Mawere ali ndi kashiamu wochuluka kuposa mbewu zina zonse za mtundu wake, ndipo kachimera kake pang'ono kakathiridwa m'phala la mwana, phalalo limasungunuka popanda kuwonjeza madzi, mwana n'kudya chakudya chokwanira m'kambale kochepa. Komabe m'minda yambiri mbewuzi zatsala m'mphepete, zikudikira agogo amene akusungabe mbewu m'chiguli.

Alimi a kwa Nazombe, ndime ya mawere kapena mapira isasowe m'munda chaka chino. Atsikana ndi anyamata akhale pafupi pamene agogo akuviika ndi kufunditsa, aphunzire kuona nthawi yothira chimera. Ndipo inu amene mudzayese chakumwa chatsopanochi paukwati kapena pa Khirisimasi, konzani ziwiya ziwiri, cha onse ndi cha akuluakulu, muike munthu wamkulu woyang'anira chachiwiricho.